Ubale wa many-to-many mu SQLAlchemy 2.0: njira iti imene sikuyambanitsani ndi mypy?

Mzere wonga `maphunziro: Mapped[list["Phunziro"]] = relationship(...)` umawerengedwa kawiri, ndipo owerengawo sakambirana. SQLAlchemy, library ya Python imene imalumikiza ma class ndi matebulo a database (ntchito yotchedwa ORM), imauwerenga pulogalamu ikamadzuka, n'kutengapo class imene ubalewo ukulozera komanso ngati zinthuzo zisungidwe mu list kapena mu set. Mypy kapena Pyright, zida zofufuza ma type mu code, amauwerenga pulogalamu isanathamange n'komwe, pofuna kudziwa chimene chingatuluke mukalemba `wophunzira.maphunziro`. M'masiku a SQLAlchemy 1.3 ma type annotation, zolemba zonena mtundu wa chinthu chilichonse, anali nkhani ya mypy yekha, ORM sinkawayang'ana. Zinasintha mu Januwale 2023 pomwe 2.0 inatuluka, ndipo kuyambira pamenepo mungathe kusangalatsa mmodzi n'kukwiyitsa mnzake pa mzere womwewo.

Choncho musanasinthe chilichonse, onani kaye amene akudandaula. Ngati pali traceback yaitali yothera pa `sqlalchemy.exc` kapena `sqlalchemy.orm.exc`, vuto ndi la ORM ndipo pulogalamu siyenda. Ngati mukuona dzina la fayilo, nambala ya mzere ndi kachizindikiro konga `attr-defined` kapena `arg-type`, ndi mypy, ndipo pulogalamuyo mwina ikuyenda bwinobwino. Mankhwala ake ndi osiyana, ndipo anthu ambiri amataya nthawi akuyika `# type: ignore` pa vuto limene mypy sakulidziwa n'komwe.

Titenge chitsanzo cha ku koleji. Wophunzira mmodzi amatenga maphunziro angapo, phunziro limodzi limakhala ndi ophunzira ambiri, ndipo umenewu ndiye ubale wa many-to-many. Database singasunge zimenezi m'matebulo awiri okha, pamafunika tebulo lachitatu lolumikiza. Kusiyana kwa njira zonse zili m'munsimu kwagona pa mmene mukulionetsera tebulo lachitatulo kwa Python.

## Table wamba ndi secondary

```python
kulembetsa = Table(
    "kulembetsa",
    Base.metadata,
    Column("wophunzira_id", ForeignKey("wophunzira.id"), primary_key=True),
    Column("phunziro_id", ForeignKey("phunziro.id"), primary_key=True),
)

class Wophunzira(Base):
    __tablename__ = "wophunzira"
    id: Mapped[int] = mapped_column(primary_key=True)
    maphunziro: Mapped[list["Phunziro"]] = relationship(
        secondary=kulembetsa, back_populates="ophunzira"
    )

class Phunziro(Base):
    __tablename__ = "phunziro"
    id: Mapped[int] = mapped_column(primary_key=True)
    ophunzira: Mapped[list["Wophunzira"]] = relationship(
        secondary=kulembetsa, back_populates="maphunziro"
    )
```

Iyi ndi njira yaifupi kwambiri ndipo mypy amaimvetsa popanda plugin iliyonse. Mukalemba `wophunzira.maphunziro.append(masamu)`, SQLAlchemy imaika yokha mzere mu tebulo lapakati, mukachotsa imauchotsanso. Zolakwika za pano zimabwerezabwereza, mukazidziwa kamodzi simuvutika nazonso.

Chofala kwambiri ndi code yochokera ku 1.4, pomwe munthu analemba `maphunziro: List["Phunziro"] = relationship(...)` popanda `Mapped`. Mu 2.0 mumalandira uthenga woti annotation imeneyi `can't be correctly interpreted for Annotated Declarative Table form`. Uthengawo umatchulanso `__allow_unmapped__ = True`, ndipo ambiri amathamangira pamenepo. Zimathandiza ngati muli ndi ma model ambirimbiri amene mukusamutsa pang'onopang'ono. Koma mu code yatsopano ndi kudzimana dala, chifukwa popanda `Mapped` mypy amaganiza kuti `Wophunzira.maphunziro` ndi list wamba ngakhale pa class, ndiye mukalemba `Wophunzira.maphunziro.any(...)` mu query akuuzani kuti list ilibe `any`. Ntchito ya `Mapped` ndi yomweyo, kusiyanitsa chimene mumapeza pa class ndi chimene mumapeza pa object.

Mukaiwala `relationship()` kumanja, kapena mukalembapo `mapped_column()` mwachizolowezi, ORM imayesa kupanga column ya mtundu wa list n'kulephera, uthenga wake umayamba ndi `Could not locate SQLAlchemy Core type`. Kulakwitsa kotembenuza kumachitika mkati mwa `Table`: mmenemo mumalowa `Column` basi, `mapped_column` ndi wa m'ma class. Kunena zoona mayina awiriwa amasokoneza, makamaka ali m'fayilo imodzi mizere isanu yokha pakati.

Choopsa kuposa zonsezi sichitulutsa error. Mukalemba `Mapped["Phunziro"]` n'kuiwala `list`, SQLAlchemy imamva kuti mukufuna chinthu chimodzi ndipo imaika `uselist=False`. Mypy amavomera, pakuti mwamuuza nokha. Wophunzira wa maphunziro asanu ndi limodzi amaoneka ngati ali ndi limodzi, ndipo chokuchenjezani ndi ka warning kakuti `Multiple rows returned with uselist=False`, kamene kamamira msanga m'ma log.

Nanga `backref`? Imapanga attribute ya mbali inayo pulogalamu ikuthamanga, choncho mypy sangaione, amangoti `"Phunziro" has no attribute "ophunzira"`. Zolemba za SQLAlchemy zimaitenga kale ngati njira yakale. Lembani mbali zonse ziwiri ndi `back_populates`, n'zotopetsa pang'ono koma nkhani imathera pomwepo.

Pali msampha wina umene mypy mwini amakukankhiranimo. Tiyerekeze kuti `Phunziro` imachokera ku class ina yaikulu, ndipo muli ndi function yolandira list ya class yaikuluyo. Mukaipatsa `wophunzira.maphunziro`, mypy amakana ponena kuti `list` ndi invariant, kutanthauza kuti list ya `Phunziro` singalowe pa malo a list ya class yaikuluyo, n'kukulangizani kugwiritsa ntchito `Sequence`. Langizolo ndi labwino, koma malo ake ndi pa parameter ya function. Mukalitengera ku model n'kulemba `Mapped[Sequence["Phunziro"]]`, SQLAlchemy imakana chifukwa `Sequence` ndi abstract, singapangidwe kukhala chosungiramo zinthu pokhapokha mutaperekanso `collection_class=list`.

Malire a njirayi ali poyera. Tebulo lapakati lilibe class, ndiye palibe pokoleka malikisi, chaka kapena tsiku lolembetsa. Mukhoza kuwonjezera column mu `Table`, koma ORM siidzaza kupatula ngati ili ndi default, ndipo simungaiwerenge kudzera mu ubalewo. Pa ma tag a nkhani, kapena ma role a ogwiritsa ntchito, palibe vuto. Pa ophunzira, tsiku lina aphunzitsi adzafunsa za malikisi.

## Tebulo lapakati likhale class

```python
class Kulembetsa(Base):
    __tablename__ = "kulembetsa"
    wophunzira_id: Mapped[int] = mapped_column(
        ForeignKey("wophunzira.id"), primary_key=True
    )
    phunziro_id: Mapped[int] = mapped_column(
        ForeignKey("phunziro.id"), primary_key=True
    )
    malikisi: Mapped[int | None]
    wophunzira: Mapped["Wophunzira"] = relationship(back_populates="zolembetsa")
    phunziro: Mapped["Phunziro"] = relationship(back_populates="zolembetsa")
```

`Wophunzira` ndi `Phunziro` aliyense amalandira `zolembetsa: Mapped[list["Kulembetsa"]]`. Zolemba za SQLAlchemy zimaitcha association object. Kwa ORM pano palibenso many-to-many, pali ma one-to-many awiri amene akumana pakati, ndipo n'chifukwa chake ma type ake ndi oona mtima kuposa njira zina zonse. Chilichonse chili ndi dzina ndi mtundu, palibe chimene mypy akuyenera kungokhulupirira. Mtengo wake ndi kutalika kwa code: kuti mupeze maphunziro a munthu mumalemba `[k.phunziro for k in wophunzira.zolembetsa]`, ndipo polembetsa mumapanga `Kulembetsa` ndi manja anu.

Taonani mzere wa malikisi. `None` uja akugwira ntchito ziwiri: akuuza mypy kuti malikisi mwina palibe, komanso akuuza SQLAlchemy kuti column ilole NULL. Mukamuchotsa kuti mypy asiye kukuvutitsani pa `k.malikisi + 5`, mwasintha tebulo, lakhala NOT NULL, ndipo wophunzira amene sanalembe mayeso sangalembetsedwe. Kalembedwe ka `int | None` kanayamba mu Python 3.10, pa yakale lembani `Optional[int]`. Ndipo chizindikiro `|` sichigwirizana ndi dzina la m'makoteshoni: `Mapped["Phunziro" | None]` imagwa ndi `TypeError` ya Python mwiniwake, yonena kuti sangaphatikize `str` ndi `NoneType`. `Optional["Phunziro"]` imadutsa popanda phokoso.

Kanthu kena kosakhudza ma type koma kamene kamaluma: primary key ya ma column awiriwo ikutanthauza kuti munthu mmodzi ndi phunziro limodzi zikumane kamodzi kokha. Wolephera amene akubwereza phunziro chaka chamawa adzagunda `IntegrityError`. Onjezani chaka pa key kapena patsani tebulolo `id` yakeyake.

Vuto lalikulu la njirayi limabwera munthu akafuna zonse ziwiri, class yapakati komanso `wophunzira.maphunziro` wachidule uja. Amalemba `secondary=Kulembetsa`, SQLAlchemy n'kukana kuti `secondary` iyenera kukhala `Table` kapena FROM clause ina, osati class. Ndiye amasintha kukhala `secondary="kulembetsa"` kapena `Kulembetsa.__table__`, zimadutsa, kenako pamatuluka warning yaitali yoti relationship ina `will copy column` n'kuwombana ndi inzake. Warning imeneyi ikunena zenizeni: tsopano pali njira ziwiri zolembera m'tebulo limodzi, ndipo Session, imene imasonkhanitsa zosintha n'kuzitumiza ku database, siidziwa kuti zikukhudza mizere yomweyo. Mukachita `append` pa `maphunziro` n'kupanganso `Kulembetsa` wa anthu omwewo, ma INSERT amakhala awiri. Uthengawo umakuuzani za `overlaps="..."`, koma parameter imeneyo imangotseka pakamwa warning, kuwombanako kumatsala. Choyenera nthawi zambiri ndi `viewonly=True` pa ubale wachidulewo, kuti ukhale wowerengera basi. Dziwani kuti mypy sadziwa za `viewonly`, kwa iye ndi list ngati ina iliyonse, ndiye wina akachitapo `append` palibe womuletsa ndipo database silandira kanthu. Apa ndi pamene `Mapped[Sequence["Phunziro"]]` pamodzi ndi `collection_class=list` imakhala ya nzeru, chifukwa `Sequence` ilibe `append` ndipo mypy amugwira munthuyo.

## association_proxy pamwamba pa class yapakati

```python
class Wophunzira(Base):
    __tablename__ = "wophunzira"
    id: Mapped[int] = mapped_column(primary_key=True)
    zolembetsa: Mapped[list["Kulembetsa"]] = relationship(
        back_populates="wophunzira", cascade="all, delete-orphan"
    )
    maphunziro: AssociationProxy[list["Phunziro"]] = association_proxy(
        "zolembetsa", "phunziro",
        creator=lambda p: Kulembetsa(phunziro=p),
    )
```

Proxy imabwezeretsa `append` ndi `remove` popanda kutsegula khomo lachiwiri lolembera m'tebulo, pakuti zonse zimadutsa mu `zolembetsa`. Annotation yake ndi `AssociationProxy`, yochokera ku `sqlalchemy.ext.associationproxy`, osati `Mapped`, chifukwa proxy si column kapena relationship.

Ndimaikonda, koma ma type ake ndi lonjezo chabe. Mawu awiri aja, `"zolembetsa"` ndi `"phunziro"`, ndi ma string wamba. Mukalakwitsa chilembo mypy saona, ndipo mukalemba `AssociationProxy[list[int]]` molakwika adzakukhulupirirani mpaka pulogalamu igwe. Chimene mumalandira si list yeniyeninso, ndi object yochita ngati list, moti `isinstance(x, list)` imayankha `False`. Musanapereke ku library ina imene imafufuza mtundu mosamala, ikulungeni mu `list(...)`.

`creator` ndi `cascade` musazisiye. Popanda `creator`, proxy imayesa `Kulembetsa(p)`, pomwe constructor ya declarative imalandira ma keyword okha, ndiye `TypeError`. Popanda `delete-orphan`, mukachotsa phunziro SQLAlchemy imayesa kufafaniza `wophunzira_id` m'malo mochotsa mzere wonse, ndipo poti column imeneyo ili pa primary key mumaona `tried to blank-out primary key column`.

## Ma model akakhala m'mafayilo osiyana

Mavuto a pano amakhudza njira zonse zitatu, ndipo ndi amene amasokoneza mutu kwambiri chifukwa owerenga awiri aja, SQLAlchemy ndi mypy, amafuna zinthu zotsutsana. `wophunzira.py` ikufuna `Phunziro`, `phunziro.py` ikufuna `Wophunzira`, mukachita import mbali zonse Python imagwa ndi circular import. Mukasiya import, SQLAlchemy ilibe nazo ntchito chifukwa imafufuza dzinalo mu registry yake, koma mypy amati `Name "Phunziro" is not defined`. Yankho lodziwika:

```python
from typing import TYPE_CHECKING

if TYPE_CHECKING:
    from .phunziro import Phunziro
```

Mypy amalowa mu `if` imeneyi, Python siilowamo. Koma chifukwa Python siilowamo, palibe chimene chayendetsa `phunziro.py`, ndipo ngati fayiloyo sinachitidwe import pena pake, registry siidziwa class imeneyo. Uthenga wake ndi `expression 'Phunziro' failed to locate a name`. Umatuluka pa query yoyamba, osati poyambitsa pulogalamu, chifukwa SQLAlchemy imamanga maubale mochedwa. Chitani import ma model onse mu `models/__init__.py`, ndipo `env.py` ya Alembic, chida chosinthira matebulo a database, nayonso itenge kuchokera pamenepo.

Chololedwa kubisala pansi pa `TYPE_CHECKING` ndi class imene relationship ikulozera yokha. `Mapped`, `datetime`, `Decimal` ndi mitundu ina ya ma column iyenera kupezeka pulogalamu ikuthamanga, pakuti ORM imaimasulira kuti isankhe mtundu wa column. Izi zimapweteka kwambiri mukakhala ndi `from __future__ import annotations`, imene inabwera mu Python 3.7 ndipo imasandutsa ma annotation onse kukhala ma string. Linter, chida chofufuza ndi kuyeretsa kalembedwe ka code, ikaona kuti `datetime` akupezeka mu annotation mokha, imamusunthira pansi pa `TYPE_CHECKING`, pulogalamu n'kugwa ndi uthenga woti singathe kumasulira annotation. Mu Ruff, imodzi mwa ma linter, pali `runtime-evaluated-base-classes`, pamene mumalembapo `sqlalchemy.orm.DeclarativeBase` ndi `Base` yanu, kuti asiye kukhudza ma import a ma model.

Ngati mypy akunena zinthu zosamveka konse, monga kuti `sqlalchemy.orm` ilibe `mapped_column` kapena `DeclarativeBase`, musayang'anenso code yanu. Yendetsani `pip list`. Phukusi la `sqlalchemy-stubs` la Dropbox ndi `sqlalchemy2-stubs`, limene ngakhale lili ndi 2 m'dzina linalembedwera 1.4, onse amaphimba ma type amene 2.0 imabwera nawo. Achotseni, muchotsenso mzere wa `sqlalchemy.ext.mypy.plugin` mu `mypy.ini` kapena `pyproject.toml`, plugin imeneyo analengeza kuti yatha ntchito mu 2.0.

## Ziwiri zapambali

Ngati mbali ina ili ndi mizere masauzande, monga phunziro limene aliyense wa chaka choyamba amatenga, `WriteOnlyMapped["Wophunzira"]` imaletsa kukweza gulu lonse mu memory. Mulibe `list` mkati mwake, ndipo kuti muwerenge mumayendetsa `phunziro.ophunzira.select()` kudzera mu Session. `DynamicMapped` ndi mkulu wake wa `lazy="dynamic"`, wa code yakale.

Tebulo likamadzilozera lokha, mwachitsanzo phunziro lofuna kuti ukhoze lina kaye, ma foreign key onse awiri amapita ku `phunziro.id` ndipo mumalandira `AmbiguousForeignKeysError`. Annotation singathetse zimenezo ngakhale mutailemba bwino chotani, pamafunika `primaryjoin` ndi `secondaryjoin`.

## Nanga kuthawira ku SQLModel kapena Django?

SQLModel, ya Sebastián Ramírez amene analembanso FastAPI, inatuluka mu 2021 ndipo yakhala pamwamba pa SQLAlchemy ndi Pydantic. Kumeneko mumalemba `maphunziro: list["Phunziro"] = Relationship(back_populates="ophunzira", link_model=Kulembetsa)`, popanda `Mapped`, ndipo class yapakati imaloledwa mu `link_model`. Zimaoneka zoyera. Koma vuto limene `Mapped` inabwera kudzathetsa limabwerera: kwa mypy `Phunziro.id` ndi `int`, ndiye `.in_()` imakanidwa mpaka mutakulunga column mu `col()`. `from __future__ import annotations` nayonso yakhala ikuyambana ndi `Relationship`, uthenga wake umati `seems to be using a generic class as the argument to relationship()` n'kukulangizani kuika `Mapped`, langizo lochokera ku SQLAlchemy ya pansi limene limasokoneza wogwiritsa ntchito SQLModel. Ndipo mukafuna malikisi pa link, mumabwerera ku ma one-to-many awiri omwe aja. Ngati ntchito yanu ndi API yaing'ono ya FastAPI, SQLModel ndi yabwino. Kusamukirako chifukwa chothawa ma error a annotation n'kusinthanitsa mavuto chabe.

Django ili mbali ina. `ManyToManyField` imapanga yokha tebulo lapakati, `through=` imakupatsani class yanu, ndipo kuyambira Django 2.2 mu 2019 `add()` imagwira ntchito ndi through model pogwiritsa ntchito `through_defaults`. ORM yake siwerenga ma annotation n'komwe, choncho error ya annotation singagwetse model. Vuto limasamukira kwa wofufuza ma type: zinthu monga `wophunzira_set` zimabadwa pulogalamu ikuthamanga, mypy amazidziwa kudzera mu plugin ya `django-stubs`, pomwe Pyright sagwiritsa ntchito ma plugin a mypy ndipo mu VS Code mizere yofiira imachuluka. Palibe amene amasankha pakati pa Django ndi SQLAlchemy chifukwa cha nkhani iyi yokha.

## Kusankha

Funsani funso limodzi: kodi pali chimene munthu angafune kudziwa za kulumikizana kweniko, monga liti, ndani anavomereza, zotsatira zake zinali zotani? Ngati yankho ndi ayi ndipo mukutsimikiza, tengani `Table` ndi `secondary`. Ngati mukukayika ngakhale pang'ono, yambani ndi class yapakati. Ine pa matebulo okhudza anthu, ndalama kapena katundu sindifunsanso, ndimapita ku class, chifukwa funso la tsiku ndi la wovomereza limabwera ndithu. Proxy ndimaiwonjezera pokhapokha `[k.phunziro for k in ...]` yayamba kuoneka paliponse. Pa kuwerenga kokha, makamaka mukafuna `selectinload`, yokweza zinthu za ubale pasadakhale, molunjika pa maphunziro, `viewonly=True` imaposa proxy chifukwa ndi relationship yeniyeni.

Mukayamba ndi `Table` kenako n'kufuna class, database siivuta. Dzina la tebulo likhale lomwelo, Alembic ingowonjezera column yatsopano. Chovuta ndi code yonse imene imachita `append` pa `maphunziro`, ndipo pamenepo proxy ya dzina lomwelo imakupulumutsani, ngakhale ma query amene ankachita `join` kudzera mu ubale wakale muyenera kuwalembanso kuti adutse mu `zolembetsa`.

Njira iliyonse imene mwasankha, yesani owerenga onse awiri paokhapaokha. Kwa mypy, ikani `reveal_type(wophunzira.maphunziro)` kwakanthawi, ndipo akayankha `Any` ndiye kuti sakufufuza kanthu pamenepo ngakhale akunena kuti zonse zili bwino. Kwa SQLAlchemy, lembani test yaing'ono yochita import ma model onse n'kuitana `sqlalchemy.orm.configure_mappers()`. Sifuna database, ndipo imatulutsa pomwepo mayina osapezeka, `back_populates` yolakwika ndi ma warning a kuwombana aja. Mukaiyendetsa ndi `pytest -W error::sqlalchemy.exc.SAWarning`, ma warning amenewo amagwetsa test m'malo mongodutsa pa sikirini.